Timabotolo Tisanu mu Filiji ya a Nasiyaya

Timabotolo tisanu tinafika pa basi ya ku Joni
titakulungidwa mu sokosi ya Witinesi,
kalikonse ngati chala changa chakumapeto.
M'kati mwake kaufa koyera
kosakwana n'kunyambita komwe.

Pa lamya mwanayo anati ndi mapeputayidi.
Ndinayesa katatu, lilime linakana.
Akuti amanong'oneza thupi kuti liyambirenso,
akuti bwana wake amadzibaya pamimba m'mawa uliwonse
ndipo imvi zili mbuu, koma amakwera masitepe chothamanga.
"Adadi afike zaka zana ndi makumi awiri."
Ine ndinali pomwepo, ndikugwirizira foni.
Zanga sanatchule.

Ife filiji tilibe.
Choncho timabotoloto tikugonera kugolosale ya a Nasiyaya pa Makwasa,
pakati pa Fanta ndi soseji,
mu jumbo yolembedwa dzina lathu.
Magetsi akathima, a Mulipa tulo sabwera.
Amatembenuka pamphasa, amafunsa mdima
ngati moyo wautali umasasa ngati mkaka.

Mervisi, wa Fomu Thuu, anawerenga timalembo take
maso atatsinzinira.
"Agogo, apa akuti n'zofufuzira, si za anthu.
Mwina anayesera pa mbewa."
A Mulipa anaseka mpaka kutsokomola:
"Mbewa zake zinakalamba?
Kuno mbewa yokalamba sindinaionepo."
Namwino titamufunsa anangotembenuza kabotolo kawiri,
nati iye sabaya munthu chinthu chosachidziwa,
ndipo anatiyeza BP m'malo mwake.

Bambowa anathyola tiyi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.
Lamba wa dengu anawasiyira njira pamapewa,
chiperoni chinalowa m'mawondo n'kumanga nyumba.
Ndalama yopumira inathera malata asanu ndi anayi.
Ndinawafunsa: zaka zowonjezerazo
zikubwera ndi chimanga chake?
Sanayankhe. Anasenda nthochi, anandipatsa theka.

Usiku wina, mvula ikuwaza padenga,
anati, "Iwe, tisanu sitigawika pawiri."
Ndinati n'zanu izi, mwana anatumizira inu.
Anati, "Ubaye titatu, ine tiwiri."
Ndinati ndikakutsalani, adzanditsekulira ndani botolo la mafuta?
Anati, "Nanga ine ndikatsala,
ndizidzakangana ndi khoma?"
Tinakangana za kachisanuko mpaka tambala,
ngati ana olimbirana mutu wa nsomba.

Mwezi wachinayi uno, palibe katsegulidwa.
Koma tsiku lililonse kukacha
amavala jekete, amatenga ndodo,
kutsika ku mlatho, kukwera chitunda cha esiteti,
kukaona ngati tikadali tozizira.
Poyamba ankapuma kanayi panjira.
Pano kamodzi, pamtengo wa bulugamu.
Amabwerako ndi nkhani: wamwalira ndani, wakwatira ndani,
shuga wakwera ndi zingati.
Dzulo anaiwala ndodo kugolosale
ndipo anazindikira atafika pakhonde.
Witinesi anamva, anakuwa pa lamya kuti mankhwala akugwira.
Tinayang'anizana. Palibe anamuuza.

Lero ndapita nawo.
Tadutsa m'munda wa tiyi amene anamupeza ali mnyamata,
wadulidwa posachedwa, zitsa zokhazokha zakuda,
koma pamwamba patuluka kale timasamba tofiirira.
Anatsina kamodzi ndi zala zija zopindika,
masamba awiri ndi nsonga, osayang'ana n'komwe,
n'kukaika m'thumba langa la bulauzi.

A Nasiyaya akuti Khirisimasi yayandikira,
malo mu filiji akufuna aikemo zakumwa,
ndiye tiganize.
A Mulipa apempha sabata imodzi.
Pobwerera mawondo anga ndi amene anavuta,
iwo anaima pabulugamu paja
n'kumanamizira kumanga chingwe cha nsapato
mpaka ndinawapeza.