Bondo

Linalira kamodzi, thyo,
ngati mzimbe,
Lachiwiri m'mawa, pamwamba pa sitolo ya simenti kwa M'baluku,
azimayi khumi akuwerenga nane:
wani, thuu, kumanzere, tembenukani.
Sipika sinamve kanthu. Inangopitiriza.

Wakabaza anandiwolotsa mlatho mwendo uli lende.
Kuchipatala anati mtsempha waduka,
miyezi inayi osaponda.

Bambo Twaibu anabwera ndi mabanzi m'jumbo.
Nditafunsa za inshuwalansi
anayamba kuwerenga malata a denga.
"Magalasi tinalembetsa. Zitsulo, jenereta,
njinga zosayenda zija."
Nanga ine?
"Iwenso Asiyatu, kuvina ndi ntchito?"

Zaka zisanu ndikusungunula mimba za akubanki,
thukuta langa likulipira lendi ya chipindacho.
Likanasweka galasi,
bwenzi pofika Lachisanu litabwera lina.

Ku ofesi ya zantchito andipatsa fomu.
Pofunsa chiwalo chovulala
ndalemba kuti khasu langa.
Kalaliki waseka, wafufuta,
wati ndibwerenso ndi kalata ya dokotala.

Usiku mwendo wotsalawu sugona.
Umagogoda mphasa
kuwerenga wokha mpaka eyiti,
kudikira mnzake.