Galimoto ya Mitima Iwiri

Anafika Lachiwiri, chifunga chisanachoke paphiri la Dedza,
anayi, ndi chikwama cha mawaya
ndi pepala lalikulu ngati mkeka.
Akuti, a Kachigamba, tibwerekeni shedi ndi moto wanu,
kuyunivesite makina owotcherera ali pamzere mpaka Ogasiti.

Pepalalo ndinaligwira chadodolido.
Zaka makumi atatu ndawotcherera mageti,
mbaula, mafelemu a mawindo, miyendo ya ngolo,
koma galimoto ya mitima iwiri
ndinali ndisanaimvepo.

Mtima woyamba anauchotsa m'njinga yamoto
imene inagwa ku Bembeke ndi matumba a mbatatesi.
Umamwa petulo, umatsokomola m'mawa ngati ine.
Wachiwiri ndi mabatire a malaputopu akufa,
mazana atatu, otola kumsika limodzilimodzi.
Mwatitha anawayeza usiku wonse,
kupatula amoyo,
monga asankhira nyemba zofumbwa palichero.

Zondiwe ndi wa injini, manja bii, pakamwa posapuma.
Akuti magetsi ndi mlendo, amabwera akafuna.
Lachinayi anazimadi.
Tinaswera kuyang'ana zitsulo zozizira
tikukukuta chimanga chootcha.
Mwatitha sanamuyankhe,
anangolemba manambala ndi choko pachitseko changa.
Alipobe. Sindinafufute.

Tsiku lina ndinawakanira.
Pepala linati chitsulo ichi chikumane ndi icho, apa.
Ndinati apa padzathyoka,
ndinaonapo ngolo ikusiyana ndi ng'ombe zake pamalo ngati pano.
Chiletso anafunsa kompyuta.
Kompyuta inaganiza mpaka tiyi anazizira,
kenako inafiira
pomwe panali chala changa.
Palibe ananena kanthu,
koma kuyambira pamenepo pepala ankaliyala moyang'ana kwa ine.

Tinaiyesa Lamulungu, msewu usanadzuke,
panjira yafumbi yokwera kunkhalango ya paini.
Yopanda denga, yopanda chitseko, yogona pansi ngati bedi la mwana,
Dalirani mkati, chipewa chobwereka kwa wakabaza.
Inanyamuka monyang'ama ngati mphaka,
kenako injini inalowerera,
agalu onse akuseri kwa chipatala anatuluka.
Pakati pa chitunda, zii.
Tinakankha.
Ine, ndi mawondo angawa, ndinakankha,
mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

Potsika mpomwe ndinaona chondilembetsa izi.
Dalirani akaponda buleki
singano ya batire inkakwera.
Mwatitha akuthamanga pambali, nsapato imodzi itatsalira,
akukuwa, Ikudya! Ikudya!
Anandifotokozera pambuyo pake, ali wefuwefu:
mphamvu imene galimoto zina zimataya poima,
imene imangotenthetsa matayala,
iyi imatola nkusunga
kuti ikakwerere chitunda china.

Ndinakhala pamwala.

Zitunda ndatsika zambiri ine.
Fomu 2, chaka chimene fizi inathera m'feteleza.
Shedi yoyamba, imene inapita ndi ngongole.
Amake a ana, m'chipatala chomwechi.
Buleki ndinaponda, ndinatentha, basi.
Panalibe wondiuza kuti kutsika nako kumasungika.

Mpikisano uli mwezi wamawa kumzinda.
Akuti kudzabwera zopakidwa penti wowala,
mabatire ake otsika pandege m'makatoni.
Mwina yathuyi idzazimanso anthu akuonerera.
Zondiwe akuti vuto ndi fyuzi.
Mwatitha akuti vuto ndi Zondiwe.

Dzulo anaikweza palole ya kabichi,
anaimanga ndi zingwe za mphira ngati mbuzi ya pamsika.
Ndalama ndinakana,
ndinangolandira ya ndodo zowotcherera.

Lero ndabwerera ku geti la a Nabiyeni,
lachedwa milungu itatu, andilalatira kale.
Shedi yakula.
Koma kunsi kwa mpando wa woyendetsa,
kumene oweruza sadzawerama kuti aone,
kuli msoko wanga, wosalala, wopanda chibowo,
ndipo pambali pake, mokanda ndi msomali,
Chiletso analemba dzina langa,
nkulakwitsa chilembo chimodzi.