Tchuthi ku Chiromo

Anzanga atenga tchuthi, apita kumahotela.
Ine ndatsika basi pa Bangula,
ndakwera kabaza, kenako bwato
la mnyamata wotchedwa Zuze,
wopalasa uku akutafuna nyika.

Bambo ankati kuno kunali tauni:
sitima zapamadzi zinkakocheza apa,
azungu ankamwa tiyi pakhonde
akudzikupiza ndi zipewa.

Khonde lija ndalipeza. Denga palibe.
Mbuzi ziwiri zagona pasimenti,
msawu wamera pamene panali chitseko.
Njanji yathera m'malere,
ikuloza tsidya ngati chala cha munthu
woiwala zomwe amati anene.

Kukutentha. Malaya andimatirira kumsana.
Mayi wogulitsa makakana owamba
wandifunsa, "Mwabwera kumaliro a yani?"
Ndati iyayi, ndangobwera kudzaona.
Waseka mpaka kugwira bondo.
"Kudzaona chiyani?"

Ndasowa poyambira.
Ndagula nsomba zitatu,
ndakhala pachipupa chogumuka
kuyang'ana Ruo akulowa mu Shire osaodira,
atasenza namasupuni ndi patapata wa mwana.

Zuze akundikodola kudooko:
dzuwa likapendeka, akuti,
mvuu sizidziwa mlendo.