Nyanja ya M'chipinda Nambala 14

Thanki ya galasi ndinaitola pa geti ku Linden,
itatayidwa pamodzi ndi matilesi ndi mpando wothyoka mwendo.
Ine ndi Armindo tinaifukata matekisi awiri mpaka ku Rosettenville;
woyendetsa anatilipiritsa mipando itatu,
wachitatuwo wa mphepo ya m'galasi.

Kusitolo ya nsomba, mayi Govender atamva kuti ndine Mmalawi
anaomba m'manja: ndiye iwe uzidziwa bwino izi!
Ndinangoti eya.
Ndikanawauza bwanji kuti kwathu ndi ku Mchinji,
kumene nsomba imafika youma, yopindika, pa kaliyala wa njinga,
kuti nyanjayo ndinaiona kamodzi
pa kalendala ya kuchigayo?

Madzi kaye, anatero.
Milungu inayi madzi okhaokha, pampu ikulira.
Madzi a mumpope wa Joni alibe msana,
thira soda pang'ono, thira zigoba zosinja.

Mchenga ndinautsuka kasanu ndi kawiri m'ndowa yochapira,
zala kuchita dzanzi, June ameneyo.
Miyala ndinkaitola komwe tinkagwetsa nyumba ku Booysens,
umodzi patsiku, m'chikwama cha kamba,
kuiwiritsa pa sitovu ngati mbatata
kenaka kuisanja: phanga apa, kanjira apo,
khomo lolowera, khomo lothawira.
Ine womangira ena zipupa zaka zisanu ndi zinayi
ndinamanga mudzi woyamba wopanda kapitawo.

Anyamata a m'chipinda ankaseka.
Chikaiko ankadzuka m'mawa n'kulonjera madziwo:
mwadzuka bwanji a bwana, alendo sanafike?

Anafika Loweruka, m'majumbo omanga ndi mphira,
mbuna khumi ndi zinayi,
zachikasu ngati yembe lakupsa, zina zamizeremizere ya buluu.
Ndinafuna kugula zinayi zokha, za thumba langa.
Mayi aja anakana: zikachepa zimaphana.
Zithinane, kuti wankhanza asadziwe woti amusake.
Ndinayang'ana pansi.
M'chipinda mwathu timagona asanu ndi mmodzi.

Ndinayandamitsa majumbo pamwamba mphindi makumi awiri
kuti madzi aakale ndi atsopano amvane kaye.
Ine pa Park Station palibe anandiyandamitsa,
anangong'amba jumbo.

Nsombazi nazo nyanja sizinaione.
Zinaswedwa mu shedi ku Benoni,
agogo awo ndiwo anakwera ndege, ali ndi mapepala onse.
Komabe yamphongo ija, usiku woyamba womwe,
inakumba dzenje pansi pa mwala wa ku Booysens,
mchenga kulavula, kubwerera, kulavula,
ngati wina waiuza m'tulo.

Magetsi akathima pampu imakhala chete
ndipo chete ameneyo amandidzutsa.
Ndimafunditsa thanki bulangete langa,
kutunga madzi ndi kapu, kuwagwetsa kuchokera m'mwamba,
kutunga, kugwetsa, maola awiri,
foni ili kukamwa ikuwunikira.
Chikaiko amatukwana, n'kutembenuka,
kenaka amadzuka: bweretsa kapuyo, kagone.

Tsopano pali ina yaikazi yasiya kudya.
Yabisala kuseri kwa chotenthetsera madzi, masaya tu!
Ndinkati yadwala.
Ayi, ati ana ali m'kamwa.
Milungu itatu sidzameza kanthu,
chakudya chikudutsa pamphuno pake.

Dzulo Nankhoma anaimba.
Fizi ya Ndaziona, malata awiri amene anauluka,
ndi funso lomwe lija la Disembala.
Ntchito ya ku Booysens inatha Lachisanu.
Ndinati zonse zili bwino,
ndinatembenuza foni kuti aone nsomba.
Ndaziona anafuula: ababa, zimenezo mudya liti?
Amake anafunsa kuti ya pakonayo yatani.

Ndinati yakhuta.