Sabata Imene Anatisamutsa

Lolemba anabwera ndi makatoni.
Akuti denga la wodi yakale likudontha,
khoma lija linang'aluka ndi chivomerezi
silingapirirenso dzinja lina.
Palibe anatifunsa.
Odwala safunsidwa, amangowerengedwa:
khumi ndi anayi, tiyeni pamasitepe,
aliyense atafukata pilo wake ngati khanda.

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri
Don Nibaldo ankadziwa kuti kwacha
sitima yoyamba ikalira padoko la Valparaíso,
kenako ngolo ya tiyi, ya gudumu lodwala lija,
kwii, kwii, kwii,
kenako Fresia ndi timakapu ta mapiritsi.
Kuno mazenera apenya kuphiri.
Nyanja aisiya kuseri kwa khoma.
Ngolo ndi yatsopano, imanyang'ama ngati mbala,
ndiye mkuluyo wakhala pabedi mpaka dzuwa paliwombo,
nsapato kumapazi, chipewa pamaondo,
akudikira m'mawa.

Herminia ankawerenga matailosi,
makumi anayi ndi awiri kuchoka pakhomo kukafika pasinki.
Akakwana, ndiye kuti mwana wake ali moyo ku Antofagasta.
Pansi pa kuno n'posalala, popanda mzere ngakhale umodzi.
Waima pakhomo, phazi lili m'malere,
wasowa poyambira kuwerenga.

Ine ndinali ndi banga langa kudenga,
lofiirira, longa galu wodzipinda.
Mawu aja akayamba kundinong'oneza usiku
ndinkawauza, kalankhuleni ndi galuyo,
ndipo ankapita.
Denga la kuno loyera mbee.
Mawu alibe kolowera,
onse aunjikana m'khutu langa lakumanzere
ngati anthu othawa mvula pakhonde la sitolo.

Ngati zimenezo sizinakwane,
Loweruka pakati pa usiku anabweza mawotchi.
Ola lina laulere, akuti.
Kutipatsa ife ola,
ife amene maola atichulukira kale
mpaka kusowa powaika!
Mapiritsi anachedwa. Thupi silimvera wotchi ya pakhoma.
Manja anga anayamba kunjenjemera pa nthawi yake yakale,
Eulogio anamenya chitseko ndi mbale mpaka inapindika,
anyamata awiri a zovala zobiriwira anabwera akuthamanga,
ndipo kenako kunali zii,
zii wa jakisoni.

Dokotala Arriagada analemba m'faelo langa, ndinaona mozondoka:
wabwerera m'mbuyo, onjezerani mlingo.
Ndinafuna kumuuza kuti, adokotala,
mutu ndi womwe uja wa sabata yatha,
mwangozula misomali
imene ndinkapachikapo tsiku langa,
ndiye lagwa pansi, ndikulitolera.
Koma lilime linali lolemera ngati bulangete lonyowa.
Ndinangoti zikomo.

Lachinayi Fresia anachedwa kulowa.
Tinamva kaye chinachake chikukwera pachikepe,
kenako kumapeto kwa khonde,
kwii.
Kwii, kwii.
Anakaitenga kumene amataya zakutha,
dzimbiri lili m'manja, thukuta lili chipichipi,
akulu a wodi akumuyang'ana ndi diso lofiira.
Don Nibaldo anavala chipewa,
anaimirira, anati mwadzuka bwanji nonse,
ngakhale inali itadutsa kale naini.
Kenako anafunsa za sitima.
Fresia anati sitima sindingaikweze pachikepe, bambo.

Madzulo ake anagwada ndi tepi yakuda,
kudula, kumata, kudula, kumata,
kuchoka pakhomo kukafika pasinki.
Herminia anayenda pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.
Inakwana makumi anayi ndi umodzi.
Analira usiku wonse.
M'mawa Fresia anawonjezera mzere wotsalawo.

Ine sindinapemphe kanthu.
Galu samatidwa ndi tepi.
Koma dzulo mvula yawomba kuchokera kunyanja,
ndipo pakona, pamwamba pa bedi la Eulogio,
paoneka kadontho konyowa, kochepa ngati ndalama yachitsulo.
Sindinauze aliyense, angabwere ndi penti.
Ndikukayang'anira.
Mwina kamera makutu.