Mzere Umene Anaudumpha

Lamulungu lija ku Chilomoni
a Namakhwa atafika pa mndandanda wa obwerera kwawo
lilime linapunthwa kawiri.
Anakhosomola, nati, "ndi ena otero,"
mpingo n'kupumira m'mwamba.

Ine ndinatsalira pamzerewo.
Nditasesa ndinatsegula pamene anapinda tsamba:
kabanja ka Alevi, dzina la tate, nambala,
basi.
Si ansembe, si oimba.
Otsuka mabeseni. Owaza nkhuni.

Munasenza chiyani pochoka ku Babulo, anzanga?
Anakutumani ndani kulimbana ndi fumbi miyezi yonseyo
kukatumikira nyumba yomwe kulibe,
nkhandwe zitaswerana pamene panali guwa?
Ana anu ankalota m'chilankhulo cha eni ukapolo.

Inenso ndinatsika basi pa Wenela
ndi chikwama cha ku Joni chakufa zipi,
zaka khumi ndi zinayi m'thumba limodzi.
Mwana wanga analoza Ndirande:
phiri ili n'la ndani?
Kwathu ndinapeza mpanda wa munthu wina
ndi galu wosandidziwa.

Lero makiyi a tchalitchi ali m'khosi mwangamu.
Ndimafika mabenchi akadazizira,
ndimakolopa mapazi a chiperoni,
ndimawerenga timakapu ta mgonero.
Kamodzi kanasweka, sindinauze munthu.

Tsiku la chikondwerero
anatchula omanga, anatchula opereka malata.
Ine ndinali panja, kupirikitsa mbuzi.

Madzulo ano ndatchula dzina lanu mokweza,
pang'onopang'ono, m'tchalitchi mopanda anthu.
Kaya ndalakwitsa katchulidwe.
Malata avomera.