Chikole

Dalaivala wa thiraki ya ku Chipata analibe ndalama
nditamuwotcherera ekizozi pa Kamwendo.
Anapisa m'matumba, munali makwacha a kwawo ochepa,
kenaka anatulutsa chimbale m'galimoto:
"Sungani ichi, ndibwera Lachinayi."
Lachinayi lakelo silinafike, chino ndi chaka chachitatu.

Pachikuto pali mayi wometa mpala,
wafungatira lipenga lopindika ngati mwana wodwala.
M'munsi analemba kuti jazi.
Dzina la mayiyo linafufutika ndi girisi wa zala zanga,
chatsala chilembo chimodzi, O,
kukamwa kwa munthu wodabwa.

Tsiku loyamba ndinayesa wailesi yafa.
Ndinaimenya m'nthiti, phaa!
Sankhulani, mnyamata wanga wa ntchito, anaseka mpaka kukhala pansi:
"Bwana, akupusitsani,
iyi ndi mbuzi akuizinga ndi mpeni wobuntha."
Ndinachiponya m'bokosi la mabawuti.

Chinatulukamo mu Okutobala,
magetsi atazima kuyambira m'mawa Mchinji yonse,
mafelemu a mawindo a kusukulu ali mbwee pabwalo,
manja anga akusowa chogwira.
Ndinalumikiza wailesi ku batire la galimoto ya eni ake.

Poyamba ndi mpweya basi.
Mayi uja akupumira m'lipenga, osaliza,
fuuu, fuuu, ngati mvukuto wa malemu bambo anga.
Ndinadikira ng'oma kuti indionetse poponda.
Ng'oma inabwera mochedwa, inagogoda kawiri, inabwerera,
ngati wodzatenga ngongole wapeza pakhomo pali maliro.
Piyano inagubuduka masitepe onse
n'kudzuka pansi ili bwinobwino, ikudzisansa fumbi.
Kenaka zii.
Ndinawerenga mpaka makumi awiri.
M'kati mwa zii mujamo ndinamva tcheni ya kabaza ikulira,
amayi a mtedza akukangana za ndowa yophwanyika,
lilime langa likumata kukamwa,
ndipo lipenga litabwerera
linayambira pomwe tcheni ija inasiyira.

Apo ndinakhala tsonga.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikumva chitsulo
chikulira pansi pa galainda,
ndipo khutu limandiuza ngati chili chamoyo
kapena dzimbiri lachidya m'kati.
Sindinauzepo munthu kuti kulirako kumandikomera.
Angati wapenga Kachigamba,
moto wa weledingi wamulowa m'mutu.
Koma mayi uyu, kudziko komwe sindidzapondako,
kulira komweko anakumva, anakutola, anakuika pa chimbale
osakupala, osakupaka penti,
msoko uli poyera, wotupa ngati chipsera.
Nyimbo yachinayi imathyoka pakati penipeni
ndipo amailumikiza inu mukumva,
moto uli thethethe m'makutu.

Mkazi wanga Nangondo amaimba kwaya Lamulungu.
Akuti nyimbo ndi yomwe mapazi angaitsatire,
akuti iyi ilibe khomo, ilibe zenera.
Ndimamuyankha kuti makomo ndi mazenera amapanga ndine.
Saseka.
Koma dzulo akutsuka mbale kuseri
ndinamumva akung'ung'uza kamzere kokhota kaja ka besi,
kamene kamakwera katatu n'kuterereka,
ndipo atandiona anatsokomola, n'kuyamba ya kwaya.

Sindimvetsa zonse ayi.
Nyimbo yachisanu ndi chimodzi imandikwiyitsabe,
mphindi khumi ndi ziwiri za chitseko chosowa oyilo.
Masiku ena ndimaidumpha.
Masiku ena ndimazima galainda, n'kuimvera mpaka kumapeto,
Sankhulani akupukusa mutu pakhomo.

Thiraki ya nambala ya ku Zambia ikaima pamsewu
mtima umagunda mopanda dongosolo ngati ng'oma ija.
Ndalama yake ndinaiwala kuti inali zingati.
Akadzabwera ndidzamuuza kuti chinasowa,
kapena ndidzamuwotcherera ekizozi ina ulere,
ndidzamugulira ndi tiyi yemwe,
bola asatsegule bokosi la mabawuti,
pansi pa nsanza yofiira, chakumanzere.